Kuika mafoni a pa tebulo oyendera intaneti mu ofesi ndi kwa ogwirira ntchito kunyumba

Foni ya pa tebulo yoyendera intaneti, imene amisiri amaitcha foni ya VoIP kapena ya IP, kunja imafanana ndi lamya yakale ija: chogwirira, mabatani a manambala ndi kagalasi koonetsa amene akuyimba. Mukaitembenuza ndi pamene mumaona kusiyana. Kabowo ka waya wa lamya palibe. Pali mabowo awiri a kebulo ya netiweki, lina lolembedwa Internet kapena LAN, linalo PC. Mkati mwake muli kakompyuta kamene kamadula mawu anu m'timaphukusi n'kumatitumiza ka 50 pa sekondi iliyonse. Kuilembetsa foniyi kuti ilire ndi ntchito ya mphindi 10. Chimene chimadya masiku ndi ndalama ndi njira imene mawuwo adutsemo: mawaya, magetsi, rauta ndi intaneti ya kunja. Maofesi ambiri odandaula kuti mafoni amenewa ndi achabe amakhala kuti anagula mafoni abwinobwino n'kuwaika pa msewu wokumbika.

Choyamba kuchigwira ndi chakuti kuyimba kumodzi kumayenda m'njira ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi SIP, ndondomeko imene inalembedwa m'chikalata cha RFC 3261 mu 2002. Ntchito yake ndi ya unkhoswe: kufunafuna foni ya winayo, kuiliza, kugwirizanitsa mbali ziwiri kuti mawu atumizidwe motani ndiponso kuti, kenako kutseka nkhani mukamaliza. SIP imalowa pa khomo 5060, kapena 5061 ikakhala yobisidwa ndi TLS. Makomo amenewa ndi amene amisiri amati ma port. Koma mawu enieniwo SIP sinyamula. Amanyamulidwa ndi RTP, pa makomo ena a UDP (njira yotumizira timaphukusi mwachangu osadikira chitsimikizo) amene amasankhidwa nthawi yomweyo, ndipo pa seva yolumikiza mafoni yoyendera pulogalamu ya Asterisk amakhala pakati pa 10000 ndi 20000 ngati palibe anasintha. N'chifukwa chake foni imatha kulira bwinobwino, inu n'kuyankha, koma osamva kanthu. Ankhoswe afika, mawu atsekeredwa panjira. Mukagwira mfundo imeneyi, theka la mavuto a mafoniwa mudzawazindikira musanayitane mmisiri.

Seva ikhale kuti, ndipo mutulukira pati

Mafoni onse amadzilembetsa ku seva imodzi yotchedwa PBX. Iyo ndiyo imadziwa kuti nambala 201 ndi ya ku resepishoni, 205 ndi ya akauntanti, ndiponso kuti foni yochokera kunja ikalira masekondi 20 osayankhidwa ipite kwa ndani. Mukhoza kuisunga mu ofesi momwemo, monga kabokosi ka Grandstream UCM kapena ka Yeastar, kapenanso kompyuta yaing'ono yokhala ndi FreePBX, imene imayendera pa Asterisk, pulogalamu yaulere imene Mark Spencer anaiyamba mu 1999. Mukhozanso kuibwereka kwa kampani imene imaisunga pa intaneti n'kumalipira mwezi ndi mwezi.

Kusankha kwake kumatengera kumene anthu anu ali. Ngati ambiri amakhala m'nyumba imodzi ndipo amayimbirana okhaokha tsiku lonse, seva ya mu ofesi ndiyo yabwino, chifukwa intaneti ikaduka resepishoni imayimbirabe ku stolo ndi kwa abwana. Ngati antchito abalalika, wina ku Mzuzu, wina ku Zomba, wina ku Johannesburg, seva ya pa intaneti imachepetsa mutu, chifukwa magetsi akathima ku likulu anthu enawo sakhudzidwa. Koma funsani kuti sevayo ili m'dziko liti. Malawi alibe nyanja yamchere, choncho intaneti yathu imayamba yadutsa m'mayiko oyandikana nawo kuti ikafike ku makebulo a pansi pa nyanja. Seva ikakhala ku London, mawu a anthu awiri okhala m'zipinda zoyandikana ku Lilongwe akhoza kukazungulira ku Ulaya n'kubwerera. Bungwe la ITU, mu ndondomeko yake ya G.114, limati mawu asachedwe kupitirira mamilisekondi 150 kuchoka pakamwa pa wina kufika kukhutu la mnzake. Akapitirira pamenepo anthu amayamba kudulana mawu, aliyense poganiza kuti mnzake wamaliza. Musanasayine kontirakiti, pemphani adiresi ya sevayo ndipo muiyese ndi ping, kapulogalamu ka pa kompyuta koyesa nthawi imene uthenga umatenga panjira, muli mu ofesi yanu, masana pakati pa sabata, osati Lamlungu. Kumbukirani kuti nambala imene ping imaonetsa ndi ya ulendo wopita ndi wobwera.

Seva payokha imangolumikiza mafoni a mkati. Kuti muyimbire nambala ya Airtel, TNM kapena ya kunja kwa dziko, pamafunika mlatho. Njira yowongoka ndi SIP trunk yochokera ku kampani ya mafoni yokhala ndi chiphaso. Imakupatsani nambala ya ofesi ndi chiwerengero cha anthu amene angayimbe nthawi imodzi. Ngati muli ndi lamya yakale ya waya imene makasitomala anaizolowera, pali kabokosi ka FXO kamene kamailowetsa mu seva. Musasokoneze ndi FXS, imene ntchito yake ndi yosiyana: yolumikizira foni yakale yapa tebulo kuti igwire ntchito pa seva yatsopano. Palinso GSM gateway, bokosi loikamo ma SIM. Apa samalani. Ku Malawi kuno MACRA ndiyo imapereka ziphaso ndi kuvomereza zida za mauthenga, ku Zambia ndi ZICTA. Kulowetsa mafoni ochokera kunja kwa dziko kudzera m'ma SIM kuti azioneka ngati a konkuno ndi chinyengo chimene makampani amachisaka, ndipo ma SIM amatsekedwa. Musanagule bokosi lotero, kampani yanu ya mafoni ikulembereni kalata yosonyeza chimene yakulolani.

Intaneti yochuluka bwanji

Mawu safuna intaneti yambiri, amafuna yokhazikika. Kuchuluka kwake kumadalira codec, kutanthauza mmene mawu apanikizidwira. G.711 imatenga 64 kbps, koma mukaphatikiza maadiresi amene kaphukusi kalikonse kamanyamula zimafika pa 87 kbps mbali iliyonse. Ili mitundu iwiri, A-law ndi u-law. Kuno ku Africa ndi ku Ulaya timagwiritsa ntchito A-law, imene pa foni imalembedwa PCMA. G.729 imatenga 8 kbps, ndi maadiresi omwe pafupifupi 31 kbps, koma mawu amamveka ouma ndipo nyimbo yodikirira imaphwanyika. G.722 imatenga malo ofanana ndi G.711 koma mawu amamveka oyera kwambiri. Imathandiza poyimbirana mkati, pamene mukatulukira ku foni ya m'manja ubwinowo nthawi zambiri umathera pa mlatho. Opus, ya mu 2012, imadzisintha malinga ndi mmene netiweki ilili ndipo imapirira timaphukusi tikamatayika, choncho ndi yabwino kwa ogwirira ntchito kunyumba ngati foni ndi seva zonse zikuidziwa.

Tiyerekeze ofesi ya anthu 12. Si kawirikawiri kuti onse akhale pa foni yakunja nthawi imodzi, ndiye werengerani anthu 6 pa nthawi yotanganidwa. Pa 100 kbps aliyense, ndi 600 kbps yopita ndi 600 kbps yobwera. N'zochepa. Vuto limabwera pa mbali yopita, imene pa intaneti zambiri ndi yopapatiza. Munthu mmodzi akayamba kutumiza mavidiyo ku Google Drive, rauta imaunjika timaphukusi take pamzere, ndipo ta mawu timaima kumbuyo. Fayilo ikachedwa sekondi imodzi palibe amadziwa. Mawu akachedwa pang'ono chabe amakhala atatha ntchito, foni imangowataya, ndipo kasitomala amamva kudukaduka. Miyeso yoyenera kuisunga ndi iyi: timaphukusi totayika tisafike 1 pa 100 aliwonse, ndipo kusiyana kwa nthawi imene timafikira, kumene amati jitter, kusapitirire mamilisekondi 30.

Mankhwala ake ali pa rauta. Mafoni amaika chizindikiro cha DSCP 46 pa timaphukusi ta mawu, ndipo rauta iuzidwe kuti tokhala ndi chizindikirochi tizidutsa poyamba. Koma izi zimagwira ntchito pokhapokha mzere ukupangika pa rauta yanu, osati kwa okupatsani intaneti. Choncho yesani liwiro lenileni la intaneti yanu, ndipo muike malire pa rauta pafupifupi 85 kapena 90 pa 100 aliwonse a liwirolo. Mumataya pang'ono, koma ulamuliro wa mzere umakhala m'manja mwanu. Dziwaninso kuti chizindikirochi chikangotuluka pakhomo panu, makampani ambiri a intaneti sachilabadira.

Mawaya ndi magetsi

Apa ndi pamene ndalama zimapulumutsidwa molakwika. Foni iliyonse ikhale ndi kebulo ya Cat5e kapena Cat6 yochokera ku switchi, bokosi limene makebulo onse a netiweki amakumanamo, ndipo kebuloyo isapitirire mamita 100. Pamsika padzaza kebulo yotchipa ya CCA, imene ndi aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba. Pa katoni imalembedwa Cat6 ngati inzake. Kuti muizindikire, sendani kawaya kamodzi n'kukapala ndi mpeni. Ikakhala ya kopa yeniyeni, mkati mumakhala mofiirira mpaka pakati. Ikakhala ya CCA, pamatuluka kuyera ngati siliva, ndipo kawayako kamathyoka mukakapinda kangapo. Kompyuta ikhoza kuyenda pa kebulo yotero, koma foni imene ikulandira magetsi kudzera momwemo imayamba kuzima n'kudziyatsanso, makamaka imene ili kutali ndi switchi, chifukwa mphamvu imathera m'njira. Mitu yonse imangidwe mofanana, pa dongosolo la T568B, ndipo kebulo iliyonse iyesedwe ndi tesita isanakwiriridwe m'khoma.

Mafoni ambiri amalandira magetsi kudzera pa kebulo yomweyo ya netiweki, njira yotchedwa PoE. Muyeso wa 802.3af, wa mu 2003, umapereka mpaka mawati 15.4 pa bowo lililonse, ndipo 802.3at wa mu 2009 umafika mawati 30. Foni wamba imadya mawati apakati pa 3 ndi 7. Pogula switchi musangowerenga mabowo. Ena ali ndi mabowo 8 koma opereka magetsi ndi 4 okha, ndipo iliyonse ili ndi malire a mawati onse pamodzi. Ngati pa switchi yomweyo mukuikaponso makamera ndi zida za Wi-Fi, phatikizani zonse. Chenjeraninso ndi timabokosi ta PoE ta 24V timene timabwera ndi mawayilesi ena a panja. Timeneti timangothira magetsi osayamba tafunsa chida chimene chalumikizidwa, ndipo si ta mafoni.

Ubwino waukulu wa PoE m'dziko lathu ndi woti magetsi a mafoni onse amachokera pamalo amodzi, ndiye batire imodzi imasunga ofesi yonse ESCOM ikathimitsa. Werengerani motere. Mafoni 12 pa mawati 5 ndi mawati 60. Onjezani switchi, rauta, kabokosi ka faiba ndi seva yaing'ono, muli pafupi ndi mawati 100. UPS yaing'ono ya kompyuta imakhala ndi batire ya 12V 7Ah, imene singafike ngakhale ola limodzi pa katundu ameneyu. Ntchito yake ndi kungogwirizira pamene jenereta ikuyatsidwa. Batire ya 12V 100Ah imasunga 1200 Wh pa pepala, koma ya mtovu siyenera kutsitsidwa kupitirira theka, ndipo inveta imadyako gawo lake. Mumatsala ndi pafupifupi 500 Wh, maola 5 basi. Ngati kwanuko magetsi amapita tsiku lonse la ntchito, pafunika mabatire awiri, kapena ya lithium, kapena sola.

M'nyengo ya mvula ziphaliwali zimawotcha ma switchi ambiri kudzera m'kebulo ya kopa yodutsa panja kuchoka nyumba ina kupita ina. Pakati pa nyumba ziwiri ikani faiba, imene siyendetsa magetsi, ndipo nyumba yachiwiriyo ikhale ndi switchi ndi batire yake.

Bowo la PC lija limalola kuti kompyuta idutsire pa foni ngati pakhoma pali soketi imodzi. Zimatheka, koma mafoni otsika mtengo ali ndi mabowo a 100 Mbps, ndiye kompyutayo siingapitirire pamenepo, ndipo foni ikadziyatsanso kompyuta nayo imaduka. Mu ofesi ya anthu opitirira 20, patulani mafoni pa VLAN yawoyawo, kutanthauza netiweki yopatulidwa mkati mwa switchi yomweyo, ndipo switchi iziwauza nambala ya VLAN kudzera pa LLDP-MED kuti musamalembe pa foni iliyonse.

Kulembetsa foni

Yambani pa seva. Pangani manambala a mkati a manambala atatu, monga 201 mpaka 212, ndipo asayambe ndi 0 chifukwa 0 ndi poyambira manambala akunja. Nambala iliyonse ikhale ndi pasiwedi yakeyake yaitali, ya zilembo zosachepera 16, yopangidwa ndi makina. Palibe adzailoweze pamtima, ndipo palibe chifukwa choti aitero.

Lumikizani foni, idikireni iyake. Pa mafoni a Yealink, kudina batani la OK kumaonetsa adiresi ya IP. Lembani adiresiyo pa browser ya kompyuta imene ili pa netiweki yomweyo, tsamba la foni litseguka. Ambiri a Yealink amabwera ndi dzina admin ndi pasiwedi admin, pamene a Grandstream atsopano pasiwedi yake ili pa kapepala komatidwa kumbuyo. Sinthani nthawi yomweyo. Pa tsamba la Account pali malo angapo ofanana maonekedwe. Display Name ndi dzina limene anzanu aziona. User Name ndi nambala ya mkati. Register Name, imene ena amati Authenticate ID, ndi dzina limene seva imatsimikizira pamodzi ndi pasiwedi, ndipo pa ma seva ena, monga 3CX, silifanana ndi nambalayo. Anthu ambiri amakakamira pomwepa. Pa Server Host lembani adiresi ya seva, imene iyenera kukhala yosasintha. Sanjani ma codec, ikani nthawi pa UTC+2 ndi seva ya NTP, imene imapereka nthawi yolondola, ndipo DTMF, mmene foni imatumizira manambala amene mwadina muli mkati moyimba, ikhale pa RFC 2833, imene penapake imalembedwa RFC 4733. Mukasunga, payenera kulembedwa Registered.

Mafoni akapitirira 10, kulemba pamanja n'kudziputira zolakwa. Lembani mu seva adiresi ya MAC ya foni iliyonse, chizindikiro chakechake cholembedwa kumbuyo kwake, moyang'anizana ndi nambala yake, ndipo pa DHCP, imene imagawa maadiresi a IP pa netiweki, ikani option 66 yoloza kumene kuli mafayilo a makonzedwe. Foni ikayaka imakatenga yokha fayilo ya dzina la MAC yake. Ikafa, mumangosintha MAC mu seva n'kulumikiza ina. Mafayilowa ali ndi mapasiwedi mkati, choncho asapezeke kwa aliyense wa pa intaneti.

Pa mafoni a kaunjika pali misampha iwiri. Ena anamangiriridwa ku kampani imene inawagula poyamba, moti ngakhale muwafufute zonse, akangoona intaneti amakatenganso makonzedwe a kampaniyo. Ndipo mafoni a Cisco a m'gulu la 7800 ndi 8800 ali ndi firmware, pulogalamu ya mkati mwa foni, ya mitundu iwiri: ina yopangidwira seva za Cisco zokha, ina yotchedwa Multiplatform yogwira pa seva wamba za SIP. Gulani imodzi kaye, muiyese, musanatenge katoni yonse.

Chotsala ndi malamulo a kayimbidwe. Munthu amadina 0999 kapena 0888 monga anazolowera, koma ma trunk ena amafuna nambala yoyamba ndi 265. Seva iuzidwe kuchotsa 0 woyamba n'kuika 265. Manambala angozi, a polisi, ozimitsa moto ndi ambulansi, akhale ndi njira yawo yosatsekedwa, ndipo mufunse kampani ya trunk ngati imawadutsitsa.

Wogwirira ntchito kunyumba

Pano ndi pamene njira ziwiri zija zimabweretsa mavuto. Foni ya kunyumba ili kuseri kwa rauta, ndipo adiresi yake ndi yamkati, monga 192.168.1.20, imene pa intaneti siidziwika. Rauta imasintha adiresi ya pa envulopu, koma mkati mwa uthenga wa SIP foniyo yalembamo kuti mawu atumizidwe ku 192.168.1.20. Seva ikakhulupirira zimenezo imatumiza mawu kumalo kosafikika. Zotsatira zake: wa kunyumba akumveka, koma iye sakumva, kapena mosemphanitsa. Seva iyenera kuuzidwa kuti izibweza mawu kumene timaphukusi tikuchokera, osati kumene uthenga ukunena. Iyonso iyenera kudziwa adiresi yake yakunja. Pa FreePBX, izi zili pa Asterisk SIP Settings, pamalo a External Address ndi Local Networks. Ndipo pa rauta ya ku ofesi makomo a RTP aja akhale olozedwa ku seva.

Ma rauta ambiri a m'nyumba ali ndi chinthu chotchedwa SIP ALG, chimene chimayesa kukonza maadiresiwa chokha koma kawirikawiri chimangowononga uthengawo. Chizimitseni. Pa ma rauta a MikroTik chili pa IP, Firewall, Service Ports, mzere wa sip. Ngati rauta ya okupatsani intaneti siikulolani kuchifika, sinthani foni kuti iyendere TLS pa khomo 5061. Uthenga ukabisidwa, rauta siingausinthe.

Palinso vuto la foni imene imayimba bwinobwino koma siilandira. Rauta imakumbukira kanjira kamene foni inatsegula kwa nthawi yochepa, ena masekondi 30 okha pa UDP, kenako imakaiwala. Foni zambiri zimabwera zitaikidwa kuti zizidzilembetsanso pakatha masekondi 3600. Pakatipa seva ikafuna kuiliza imapeza khomo lotseka. Yatsani keep-alive, kauthenga kamene foni imatumiza pafupipafupi kuti kanjirako kasaiwalike, pa masekondi 20 kapena 25, ndipo nthawi yodzilembetsanso itsike kufika pa 120.

Intaneti ya 4G ndi ya Starlink ya m'nyumba, imene inayamba kupezeka ku Malawi mu 2023, kawirikawiri imaika makasitomala ambiri kuseri kwa adiresi imodzi, njira yotchedwa CGNAT. Mukaona kuti adiresi yakunja ya rauta yanu ili pakati pa 100.64 ndi 100.127, kapena ikusiyana ndi imene masamba oonetsa IP akukuuzani, ndiye muli mmenemo. Kwa foni ya kunyumba si vuto lalikulu, popeza iyo ndiyo imayamba kulankhula. Koma ngati ndi ofesi yosunga seva imene ili pa CGNAT, palibe wakunja angaifikire, ngakhale mutsegule makomo angati. Pamenepo gulani adiresi yapoyera yosasintha kwa okupatsani intaneti, kapena samutsirani seva pa intaneti.

Njira imene imathetsa zambiri mwa izi nthawi imodzi ndi VPN. Mafoni ambiri a Yealink ndi Grandstream ali ndi OpenVPN mkati. Mumaikamo fayilo ya makiyi foni isanachoke ku ofesi, ndipo ikafika ku Mzuzu imadzikumbira yokha njira yobisika yopita ku seva, n'kumaoneka ngati ili pa tebulo la mu ofesi. SIP ndi RTP zimadutsa limodzi, ndipo khomo 5060 silifunikanso kutsegulidwa kwa dziko lonse. Iyi ndiyo njira yoyenera kuyamba nayo kwa ofesi yosunga seva yake. Onetsetsani kuti ikuyendera UDP, osati TCP, ndiponso kuti maadiresi a ku ofesi sakufanana ndi a kunyumba. Ma rauta ambiri a m'nyumba amagwiritsa ntchito 192.168.0 kapena 192.168.1 kapena 192.168.8, ndiye ofesi isankhe ena, monga 10.20.30. Nthawi ya pa foni ikalakwika makiyi amakanidwa, choncho NTP ikhale yopezeka VPN isanayambe.

Pomutumizira munthu foni, ikanimo adaputala ya magetsi. Mafoni ambiri amagulitsidwa opanda iyo, ndipo kunyumba kulibe PoE. Funsaninso ngati rauta yake ili ndi bowo la kebulo, chifukwa tima MiFi tambiri ta m'thumba tilibe. Wi-Fi imatheka pa mafoni ena, koma kebulo ya mamita 5 imaposa Wi-Fi yodutsa makoma awiri a njerwa. Za bandulo: ya WhatsApp kapena ya Facebook siiyendetsa foniyi, pafunika ya intaneti yonse. Pa G.711, mphindi imodzi imadya pafupifupi 1.2 MB mbali zonse ziwiri. Munthu woyankhula maola 2 pa tsiku kwa masiku 22 amatha 3 GB n'kanthu. Pa G.729 safika 1 GB, ngakhale VPN imawonjezerapo gawo lake.

Akuba

Seva ya SIP ikangoonekera pa intaneti, sipatenga nthawi kuti makina osakasaka aipeze. Amayesa manambala 100, 101, 1000 ndi mapasiwedi odziwika, usiku ndi usana. Akalowa amayimba manambala okwera mtengo a m'mayiko akutali, amene iwo amalandirako gawo la ndalama, ndipo amakonda kuyamba Lachisanu madzulo kuti pofika Lolemba bilu ikhale itakwera. Kampani ya trunk imafuna ndalama zake, chifukwa mafoniwo anachokeradi pa akaunti yanu. Tsekani kuyimba kunja kwa dziko kwa onse, n'kutsegulira okhawo amene ntchito yawo imafuna, ndiponso mayiko okhawo amene mumachita nawo malonda. Khomo 5060 lilandire kuchokera ku adiresi ya kampani ya trunk yokha. Yatsani fail2ban kuti izitsekera adiresi yolakwitsa pasiwedi kangapo. Tsamba loyendetsera seva lisaoneke kunja. Ngati n'kotheka, trunk ikhale yolipiriratu kapena yokhala ndi malire a ndalama pa tsiku. Munthu akasiya ntchito, pasiwedi ya nambala yake isinthidwe tsiku lomwelo, foni ibwere kapena isabwere.

Zikavuta

Mauthenga a SIP ali ndi manambala amene amanena okha chimene chalakwika. 401 kamodzi si vuto, ndi seva ikufunsa pasiwedi, koma ikamabwerezabwereza ndiye kuti Register Name kapena pasiwedi yalakwika. 403 ndi kukanidwa, mwina adiresi yanu siili pa mndandanda wololedwa kapena nambala imene mukuyimba ndi yotsekedwa. 408 ikutanthauza kuti palibe wayankha, yang'anani adiresi ya seva ndi firewall. 488 ndi kusagwirizana pa codec. 503 nthawi zambiri imachokera ku trunk, mwina njira zonse zadzaza.

Foni ikamaduka nthawi zonse pakatha pafupifupi masekondi 32, si netiweki yofooka ayi. Mbali imodzi inatumiza uthenga woti yayankha, ikudikira chitsimikizo chotchedwa ACK, koma chitsimikizocho chapita ku adiresi yolakwika. Ikadikira masekondi 32 imadula. Bwererani ku External Address ndi SIP ALG. Kasitomala akadina 1 pa menyu koma osapita kulikonse, DTMF ya foni, seva ndi trunk siikufanana. Mukamamva mawu anu akubwerera, gwero lake limakhala mbali inayo, pa sipika yokwezedwa kwambiri kapena pa kabokosi ka FXO, osati pa foni yanu. Mawu akamadukaduka nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse, fufuzani chimene chimayamba kutumizidwa pa ola limenelo, nthawi zambiri ndi backup kapena makamera.

Musanapereke ntchito kwa eni ofesi, yesani foni iliyonse. Pa FreePBX, kudina *43 kumakubwezerani mawu anu, ndipo mumamva nokha kuchedwa ndi kuduka kulikonse. Yimbani kuchokera pa nambala ya Airtel ndi ya TNM, kulowa ndi kutuluka, ndipo foni imodzi ikhale mphindi 20 osadula. Siyani foni ya kunyumba ola lathunthu osaikhudza, kenako muiyimbire kuti muone ngati ilira. Pomaliza tsitsani switchi yaikulu ya magetsi wina ali pa foni, muone ngati nkhani ikupitirira. Ndipo kwa kampani ya trunk siyani nambala ya foni ya m'manja kumene mafoni onse azipita seva yanu ikasowa pa intaneti, muiyesenso pozula kebulo ya faiba.